Adyo pakhutu, mbale m'manja: zomwe anthu adatulukira ali pa m'bindikiro

M'chaka cha 2020 mabwalo a zisudzo, nyumba zoonetsera mafilimu, malo ovinira ndi nyumba zosungiramo zojambula zidangoti zii pafupifupi dziko lonse lapansi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Komabe anthu akamakumbukira chaka chimenechi, pambali pa maliro ndi mantha, ambiri amatchulanso nyimbo imene adaimva koyamba, gule amene adaphunzira pabalaza, kapena chithunzi chakale chimene sankachidziwa n'komwe. Mafunso otsatirawa akulondola zinthu zimenezi: zidachokera kuti, adazifalitsa ndani, ndipo adadyapo ndani.

Kodi m'bindikiro umene tikunenawu ndi uti, poti si mayiko onse adatseka mofanana?

Udayambira mumzinda wa Wuhan ku China pa 23 Januwale 2020, ndipo mzindawo udakhala wotseka masiku 76. Dziko la Italy lidatseka kumayambiriro kwa Malichi, la Britain pa 23 Malichi, ndipo la South Africa lidalowa m'bindikiro wa masiku 21 pa 27 Malichi, umene pambuyo pake adauwonjezera. Wa ku South Africa udali wowawa kwambiri. Mowa ndi fodya adaletsa kugulitsa, asilikali adali m'misewu, ndipo abale athu ambiri ogwira maganyu ku Joni adangokhala m'tizipinda ta lendi osadziwa kuti mawa adya chiyani.

Kuno kwathu zidayenda mwina. Boma lidatseka sukulu pa 23 Malichi n'kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, kenaka lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woti uyambe pa 18 Epulo. Mavenda adakwiya m'misika, bungwe la HRDC lidathamangira kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. Choncho Amalawi sadatsekeredwe m'nyumba monga anthu a ku Milan kapena Johannesburg. Koma oyimba ndi ochita zisudzo adaulawa ndithu m'bindikirowo, chifukwa ntchito yawo imadalira khamu, ndipo khamu ndi lomwe lidaletsedwa.

Nyumba za zojambula zitatsekedwa, anthu adazipeza bwanji zojambulazo?

Mu Meyi 2020 bungwe la UNESCO lidanena kuti nyumba zosungiramo zojambula ndi zinthu zakale zoposa 85,000, pafupifupi 90 mwa 100 zilizonse padziko lapansi, zidali zitatsekedwa. Zambiri zidathamangira pa intaneti. Ya Rijksmuseum ku Amsterdam idaika chithunzi cha The Night Watch, chimene Rembrandt adapenta mu 1642, chojambulidwa mosamala kotero kuti munthu atha kuchikulitsa mpaka kuona ming'alu ya utoto ndi mmene burashi idadutsira. Zimenezi zidali zabwino, koma kuyang'ana zithunzi pakompyuta kumatopetsa msanga. Chimene chidagwira anthu mtima chidachokera kukhitchini.

Pakati pa Malichi mayi wina wa ku Amsterdam, Anneloes Officier, adatengera chithunzi chotchuka cha Johannes Vermeer, cha mtsikana wovala ndolo ya ngale, chopentedwa cha m'ma 1665. Kumutu adakulunga thaulo, ndipo pamene padayenera kukhala ngale adaikapo adyo. Iye ndi anzake adatsegula tsamba pa Instagram lotchedwa Tussen Kunst & Quarantaine, anthu n'kuyamba kutumiza zawo. Pa 25 Malichi nyumba ya zojambula ya Getty ku Los Angeles idatola ganizoli n'kuuza anthu kuti asankhe chithunzi chimene amachikonda, atenge zinthu zitatu zimene zili m'nyumba mwawo, ndipo achipangenso. Zithunzi zidabwera zikwizikwi. Mapepala a kuchimbudzi adasanduka makolala oyera opindapinda a anthu olemera a ku Ulaya wakale, makatani adasanduka mikanjo ya mafumu, agalu ndi amphaka adalowa m'malo mwa mikango ndi akavalo. Ku Russia gulu la pa Facebook lotchedwa Izoizolyacia lidasonkhanitsa anthu oposa 500,000 pa milungu yochepa, onse akuchita zomwezo.

Ine ndimaona kuti pa zonse zimene zidachitika m'nyengo imeneyi, ichi ndicho chidaphunzitsa anthu kwambiri za luso lojambula. Mlendo wa m'nyumba ya zojambula amaima pachithunzi kamphindi, n'kuwerenga dzina la wojambula, n'kupitirira. Koma munthu amene akufuna kuchitengera alibe njira yachidule. Ayenera kudziwa kumene kuwala kukuchokera, mbali imene mutu wapendekera, dzanja limene lili pamwamba, ndi chifukwa chake kumbuyo kuli mdima. Akalephera amabwereranso kuchithunzi kuja n'kuchiyang'ana kachiwiri, kachitatu. Aphunzitsi a zojambula amakhala zaka akuumiriza ophunzira kuti aziyang'ana chonchi, ndipo pano anthu ankachita okha, akuseka, ana ali pomwepo kugwira tochi.

Kodi sikudali kungocheza chabe kwa anthu osowa chochita?

Kwa ambiri kudali kucheza, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma ena adatengera masewerawa patali. Peter Brathwaite ndi woyimba opera wa ku Britain amene makolo ake adachokera ku Barbados. Ntchito zake zonse zitaimitsidwa, adayamba kuyang'ana zithunzi zimene anthu ankatumiza, ndipo adaona kuti nkhope za anthu akuda zidali zosowa. Adayamba kufufuza anthu akuda m'zojambula zakale za ku Ulaya, ndipo adawapeza ambiri: akazembe, oyimba malipenga m'nyumba zachifumu, oyera mtima a m'matchalitchi, komanso ana ogwidwa ukapolo amene ojambula ankawaimika m'mphepete mwa chithunzi atanyamula mbale ya zipatso, kuti aonetse chuma cha mwini nyumba. Ambiri mwa anawa ngakhale dzina lawo silidalembedwe.

Brathwaite adawatengera mmodzimmodzi mpaka zithunzi zake zidapitirira 100. Ankagwiritsa ntchito zinthu za kubanja kwawo, monga chofunda cha zigamba chimene agogo ake aakazi adasoka, ndi mthiko umene agogo ake aamuna ankaphikira cou-cou, chakudya cha ku Barbados cha ufa wa chimanga ndi therere. Kawirikawiri ankasintha kanthu dala. Pamene wantchito wa m'chithunzi choyambirira adaweramitsa nkhope, iye amayang'ana woonera m'maso. Mu 2023 a Getty adasindikiza ntchitoyi m'buku lotchedwa Rediscovering Black Portraiture. Anthu akudawa adakhala pamakoma a nyumba zotchukazo zaka mazana ambiri, alendo akuwadutsa. Padafunika munthu wotsekeredwa m'nyumba, wokhala ndi nthawi ndiponso nkhani yomukhudza, kuti awaloze.

N'chifukwa chiyani nyimbo zambiri zimene anthu ankati azitulukira zidali zakalekale?

Mbali ina n'chifukwa chakuti zatsopano zidachepa. Malo ojambulira adali otseka, maulendo a oyimba adalephereka, ndipo mafilimu aakulu adawasunga. Filimu ya James Bond yotchedwa No Time to Die idayenera kutuluka mu Epulo 2020, koma idatuluka kumapeto kwa 2021. Mbali ina ndi mmene TikTok imagwirira ntchito. Munthu akaika kakanema kokhala ndi kachidutswa ka nyimbo, wina aliyense atha kutenga mawu omwewo n'kujambulirapo kake, ndipo makinawo amakankhira kwa anthu ambiri chilichonse chimene oonera akuchibwereza. Safunsa kuti nyimboyo idatuluka liti.

Mu Sepitembala 2020 bambo wina wa ku Idaho Falls ku America, Nathan Apodaca, galimoto idamufera akupita kuntchito kunkhokwe ya mbatatesi. Adakwera kathabwa ka matayala, botolo la juwisi m'manja, n'kudzijambula akutsetsereka mumsewu uku akutsatira nyimbo ya Dreams ya gulu la Fleetwood Mac. Nyimboyi ndi ya mu 1977. Pasanathe mwezi idabwerera pamndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, achinyamata amene makolo awo adali ana pomwe inkatuluka akuimvera ngati yatsopano. Kampani ya juwisiyo idamugulira Apodaca galimoto.

Nkhani ya Wellerman ndi yakale kuposa pamenepa. Iyi ndi nyimbo ya m'zaka za m'ma 1800 ya amalinyero osaka anamgumi ku New Zealand. Kumapeto kwa Disembala 2020 mnyamata wina woperekera makalata ku Scotland, Nathan Evans, adaiyimba pa TikTok akumenya gitala ndi dzanja ngati ng'oma. Wina adatenga kanemayo n'kuwonjezera mawu a besi, wina a tena, wina vayolini, aliyense ali m'chipinda chake, mpaka idakhala kwaya ya anthu osadziwana. Mu Malichi 2021 nyimboyi idafika pa nambala 1 ku Britain, Evans atasiya kale ntchito ya makalata. Aliyense amene adayimbapo m'kwaya akhoza kumvetsa chimene chidakoka anthu. Kuyimba pamodzi kudali koletsedwa chifukwa kumafalitsa kachilombo, ndipo apa padapezeka njira yoti mawu ako agone pa mawu a mnzako popanda kupumirana mpweya.

Timbaland ndi Swizz Beatz adazindikira njala yomweyi n'kuyambitsa Verzuz pa Instagram mu Malichi 2020. Oyimba awiri ankasinthana kuika nyimbo zawo zakale, iyi yako, iyi yanga, oonera akuweruza. Pa 23 Meyi Beenie Man ndi Bounty Killer adakumana ku Kingston, ndipo apolisi adalowa pakati pa chionetsero, anthu padziko lonse akuonera. Sizidali nyimbo zokha: nkhani ya The Queen's Gambit, imene idatuluka pa Netflix mu Okutobala 2020 n'kuchititsa kuti anthu ayambe kugula matabwa a chesi, idachokera m'buku la Walter Tevis la mu 1983.

Nanga Jerusalema, imene idavinidwa paliponse, idayenda bwanji?

Iyi sidali yakale, komanso sidapangidwire mliri. Master KG wa ku Limpopo ndi Nomcebo Zikode wa ku KwaZulu-Natal adaitulutsa kumapeto kwa 2019, ndipo idavinidwa pa Khirisimasi ya chaka chimenecho ku South Africa ndi mayiko oyandikana nawo. Ikadatha kuthera pomwepo monga nyimbo zambiri za Disembala zimathera.

Amene adaipatsa miyendo ndi achinyamata a ku Angola a gulu lovina lotchedwa Fenómenos do Semba. Mu Febuluwale 2020 adadzijambula akuvina pabwalo la nyumba wamba, aliyense atanyamula mbale ya chakudya, akudya uku mapazi akuyenda pamodzi, osataya kanthu. Guleyo ali ndi zinthu zitatu zimene zidamuyenereza nyengoyo. Ndi wosavuta, munthu amamugwira tsiku limodzi. Amavinidwa pamzere, aliyense payekha, popanda kugwirana. Ndipo savuta kujambula ndi foni. Kuchokera ku Angola adalowa ku Portugal, n'kufalikira ku Ulaya konse. Anamwino adavina m'makonde a zipatala, masisitere ndi ansembe pamabwalo a matchalitchi, ogwira ntchito m'mabwalo a ndege pansi pa ndege zongoima. Burna Boy wa ku Nigeria adayimbanso nawo mu Juni, ndipo mu Sepitembala Pulezidenti Cyril Ramaphosa adapempha mtundu wonse kuti uvine Jerusalema pa tsiku lokumbukira chikhalidwe, pa 24 Sepitembala. Mwezi womwewo nyimboyi ndi imene anthu ankaifufuza kwambiri padziko lonse pa Shazam, pulogalamu imene imakuuza dzina la nyimbo ikamalira.

Chimene ambiri mwa ovinawo sankadziwa n'chakuti mawu ake, a m'Chizulu, ndi pemphero la munthu wopempha chitetezo ndi kulakalaka kwawo kwenikweni. Anamwino a ku Italy ndi ku Germany ankavina nyimbo yauzimu m'miyezi imene ankatseka maso a odwala tsiku lililonse. Sindikhulupirira kuti mawuwo adapita pachabe chifukwa chakuti sankawamva. Liwu la Nomcebo limanena lokha kuti munthuyu akupempha.

Anyamata a ku Ghana ovina atanyamula bokosi la maliro aja, kodi sikudali kuseka imfa pa nthawi yolakwika?

Funsoli ndi lomveka, makamaka kwa ife amene maliro timawalemekeza kwambiri. Koma tiyambe ndi chakuti anyamatawa sadali ochita nthabwala. Benjamin Aidoo ndi gulu lake amalembedwa ntchito ndi mabanja ofedwa, ndipo ku Ghana mabanja ambiri amaperekeza munthu amene wamwalira atakalamba ndi chisangalalo, monga kuthokoza moyo wake. A BBC adawajambula mu 2017. Kumayambiriro kwa 2020 anthu a pa intaneti adatenga kanemayo n'kumuphatikiza ndi nyimbo ya Astronomia ya Tony Igy wa ku Russia, n'kumamuika kumapeto kwa makanema a anthu ochita zinthu zoika moyo pachiswe.

Mliri utakula, nthabwalayo idasanduka chenjezo. Ku Brazil nkhope zawo zidaikidwa pazikwangwani za m'misewu zouza anthu kuti akhale kunyumba, ndipo apolisi a ku Peru, Colombia ndi India adavina atanyamula bokosi pofuna kuopseza oyendayenda. Aidoo mwini adajambula uthenga wothokoza azaumoyo. Chimene chimandikhudza n'chakuti zonsezi zinkachitika pamene anthu ankaikidwa m'manda mwachangu, abale ataima patali, popanda siwa, popanda kuona nkhope. Kwa munthu amene adalandidwa mwambo wa maliro, kuona bokosi litanyamulidwa ndi anthu ovala bwino, mwaulemu ndi mwaluso, sikudali kongoseketsa ayi.

Ndi anthu wamba ati amene nyengoyi idawatulutsa poyera?

Khaby Lame, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku Chivasso ku Italy, adachotsedwa ntchito kufakitale mu Malichi 2020. Adayamba kujambula timakanema tosonyeza njira yosavuta yochitira zinthu zimene ena amazivutitsa dala, osalankhula liwu ngakhale limodzi, kungotambasula manja. Popeza samalankhula, aliyense amamumva. Mu Juni 2022 adakhala munthu wotsatiridwa kwambiri pa TikTok padziko lonse, ndipo unzika wa Italy adaulandira patapita miyezi iwiri kuchokera pamenepo, atakhala m'dzikolo kuyambira ali khanda.

Elsa Majimbo wa ku Nairobi ankadzijambula atagona pa pilo, akudya tchipisi, atavala timagalasi takuda, akunena mosabisa kuti m'bindikiro wamupulumutsa kwa anthu amene sankafuna kukumana nawo. Ku Lagos, mu Juni 2020, mnyamata wa zaka 11, Anthony Mmesoma Madu, adajambulidwa akuvina ballet opanda nsapato pa simenti yonyowa, mvula ikugwa. Ankaphunzira pasukulu yaing'ono ya Leap of Dance Academy, imene mphunzitsi wake Daniel Ajala ankaphunzitsa ana ulere. Kanemayo adamutsegulira njira yopita kusukulu ya Elmhurst ku Birmingham. Onse atatuwa adalibe situdiyo kapena kampani. Nyengoyo idafananiza anthu kwakanthawi, popeza ngakhale akatswiri a ku Hollywood ankajambulira m'zipinda zawo ndi foni, ndipo pamenepo zidaoneka kuti woseketsa weniweni ndani.

Kuno ku Malawi tidatulukira chiyani?

Tidatulukira agogo amene tidali nawo kale. Mu 2020 Patience Namadingo ankakhala pansi ndi oyimba akuluakulu monga a Lucius Banda ndi a Billy Kaunda, n'kumayimba nawo nyimbo zawo zakale motsatizana pa kamvekedwe ka reggae. Anthu ankaonera pa YouTube ndi pa Facebook, ena n'kumatumizirana pa WhatsApp. Imene idapita patali ndi ya a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu, amene akhala akuyimba ndi gitala lawo kuyambira Malawi asanalandire ufulu.

A Gide sadali osadziwika. Aliyense wokulira pa wayilesi amawadziwa, ndipo mu 2016 anthu akufuna kwabwino adasonkha ndalama kuti akaone America, dziko limene adalilakalaka m'nyimbo yawo ya Buffalo Soldier. Koma kwa achinyamata ambiri adali dzina chabe, nkhalamba yoyimba pa zikondwerero. Kanema wa Namadingo adawaonetsa pafupi: nkhope, kuseka, ndi liwu la munthu wa zaka 90 losaphonya. Kumapeto kwa 2021 kachidutswa ka nyimbo yawo ya Linny Hoo kadalowa pa TikTok, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 kadaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni, anthu a m'mayiko akutali akuvina nyimbo imene sadziwa chinenero chake.

Ena tidawatulukira atapita. Wambali Mkandawire adamwalira ndi Covid-19 pa 31 Januwale 2021, m'mwezi woopsa uja umene udatenganso nduna ziwiri tsiku limodzi. Nyimbo zake za jazi wa m'Chitumbuka, monga za mu chimbale cha Zani Muwone, zidamvekanso m'nyumba zambiri pa masiku a maliro. Zidateronso ndi Aurlus Mabélé, mfumu ya soukous, ndi Manu Dibango wa ku Cameroon, amene adamwalira ku France mu Malichi 2020, masiku asanu okha pakati pawo. Achinyamata ambiri adadziwa nthawi imeneyo kuti kolasi imene adaimva kwa Michael Jackson ndi kwa Rihanna idachokera mu Soul Makossa ya Dibango ya mu 1972.

Pa chisangalalo chonsechi, adadyapo ndani?

Apa ndi pamene nkhani imawawa. Makampani a intaneti adapindula kwambiri: Netflix yokha idawonjezera olembetsa oposa 36 miliyoni mu 2020. Koma woyimba wamba ndalama zake zimachokera pakhomo la holo, paukwati ndi pamalo azisangalalo, ndipo zonsezo zidatsekedwa. Kumbuyo kwake kuli oyimba zida, okonza zokuzira mawu, onyamula katundu, osoka zovala za zisudzo ndi amayi ogulitsa chakudya panja. Amenewa analibe kanema woti awatchukitse.

Mayiko olemera adaikapo ndalama. Germany idayamba ndi 1 biliyoni ya ma euro, Britain idalengeza mapaundi 1.57 biliyoni mu Julayi 2020. Ku South Africa boma lidapatula ndalama, koma kagawidwe kake kadautsa mkangano, moti mu Malichi 2021 woyimba Sibongile Mngoma ndi anzake adakakhala m'maofesi a National Arts Council ku Johannesburg, usana ndi usiku, pafupifupi miyezi iwiri, kufuna kudziwa mmene ndalama zokwana R300 miliyoni zidayendera.

Ngakhale nyimbo zimene zidatchuka sizidalemeretse onse amene adazigwirira ntchito. Mu Febuluwale 2021 kampani ya Warner idalembera mabungwe a ku Germany, kuphatikizapo apolisi, kuti alipire chifukwa chogwiritsa ntchito Jerusalema m'makanema awo. Ambiri adadandaula, koma pa lamulo kampaniyo idali ndi mfundo: nyimbo ili ndi mwini. Chodabwitsa chidabwera mu Julayi chaka chomwecho, Nomcebo atalengeza kuti iye sadalandirepo kanthu pa nyimboyo. Kampani ya Open Mic idati vuto lidali kusagwirizana pa kontirakiti, ndipo nkhaniyo idakafika kukhoti. Anyamata a ku Angola, amene popanda iwo guleyo sakadakhalapo, mayina awo ambiri sitiwadziwa, chifukwa malamulo a umwini amateteza nyimbo mosavuta kuposa mmene amatetezera masitepe a gule.

Atolankhani amene adapita kumudzi kwa a Gide kumayambiriro kwa 2022 adapeza kuti iwo alibe foni yoti n'kuonerapo TikTok. Za kutchuka kwawo adazimva kwa achinyamata owazungulira, ndipo adadandaula kuti phindu lake sadalione. Izi zimachitika chifukwa TikTok salipira woyimba pa munthu aliyense woonera. Amagwirizana ndi makampani ndi ofalitsa nyimbo, ndipo ndalama zimatsata nyimbo imene idalembetsedwa bwino m'makina awo. Nyimbo ikalowa ngati mawu a kanema wa munthu wina, mwini wake atha kutchuka dziko lonse osalandira ngakhale tambala. Bungwe la COSOMA limatolera ndalama za oyimba kuno kwathu, koma kulondola ndalama za pa intaneti zochokera kunja ndi ntchito yofuna mapangano ndi zikalata zimene oyimba achikulire ambiri sadakhalepo nazo. Ine sindiona chilungamo pa dongosolo limene mdzukulu wa ku Jakarta avina kwaulere, kampani igulitsa malonda pa kuvinako, ndipo woyimba wa ku Chiradzulu angomva mbiri.

Padali ena amene adayesa njira ina. Tsamba logulitsa nyimbo la Bandcamp lidasiya gawo lake pa 20 Malichi 2020 kuti ndalama zonse zipite kwa oyimba, ndipo tsiku limenelo lokha anthu adagula nyimbo ndi katundu wa madola 4.3 miliyoni.

Nanga amene analibe intaneti?

Ndiwo ambiri, ndipo nkhani za nyengoyi zimawaiwala. Kuonera chionetsero cha maola awiri pa Instagram kumafuna bandulo yaikulu, foni yabwino ndi magetsi osazimazima. Ku Malawi anthu ogwiritsa ntchito intaneti nthawi imeneyo sankafika ngakhale kotala la anthu onse. Kwa otsalawo luso lidayenda pa wayilesi, pa memori khadi yodzazidwa kwa anyamata obena nyimbo pamsika, ndi pa foni imodzi yozunguliridwa ndi mitu isanu. Uthenga wa mliri nawo udayenda m'nyimbo, monga ya Bobi Wine ndi Nubian Li ku Uganda imene idatuluka mu Malichi 2020 kuphunzitsa anthu kusamba m'manja. Ana amene adakhala kunyumba miyezi yoposa isanu adavina Jerusalema pafumbi ataionera kwa mnzawo amene adaionera kwa mnzake.

Zitseko zitatsegulidwa, chidatsala n'chiyani?

Zambiri zidazilala, monga zidayenera kutero. Makonsati a pa Instagram adachepa anthu atangololedwa kusonkhana, ndipo palibe amene akupachikanso adyo pakhutu. Zina zidakhazikika. National Theatre ya ku London, imene idayamba kuonetsa zisudzo zake kwaulere pa YouTube mu Epulo 2020, idatsegula njira yolipira yoonera zisudzo kunyumba mu Disembala chaka chomwecho. Makampani a nyimbo adaphunzira kuti nyimbo yakale ndi chuma, ndipo mu Disembala 2020 Universal idagula umwini wa nyimbo zonse zimene Bob Dylan adalemba.

Chachikulu kwa ife a kum'mwera kwa Africa ndi amapiano. Nyimbozi zidabadwira m'makomboni a Gauteng zaka zingapo mliri usanafike, koma zidakula m'miyezi imene malo ovinira adali otseka, kudzera m'magule a pa TikTok ndi pulogalamu ya Lockdown House Party ya pa Channel O, imene DJ Shimza ndi PH adayambitsa kuti anthu azivina pabalaza kumapeto kwa sabata. Malire atatsegulidwa, ma DJ a ku Pretoria ndi Soweto adapeza kuti ku Lagos, Nairobi, London ndi Lilongwe anthu akuwadikira kale. Nomcebo Zikode adalandira Grammy mu Febuluwale 2023 pa nyimbo ya Bayethe, pamodzi ndi Zakes Bantwini ndi Wouter Kellerman, ndipo chaka chotsatira Tyla wa ku Johannesburg adakhala woyamba kulandira Grammy yatsopano ya nyimbo za mu Africa ndi Water, nyimbo yomangidwa pa ng'oma za amapiano.